Ubongo wa munthu: zigawo zake, ntchito zake ndi zizindikiro zakuti wavulala

Ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu kuli chipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe chinamangidwa ndi thandizo la boma la Taiwan n'kutsegulidwa mu 2000. Chipatalachi chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a chigawo chakumpoto: Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma. Pakati pa odwalawo pamapezeka mwana yemwe wakomoka ndi malungo, wakabaza yemwe wagwa pamsewu wa M1 n'kumenyetsa mutu, komanso kholo lomwe ladzuka mmawa pakamwa patapotoka, dzanja lisakugwira. Matenda awo ndi osiyana koma onse akhudza ubongo.

Chigawo chilichonse cha ubongo chili ndi ntchito yakeyake. Pachifukwa chimenechi, chomwe chasokonekera pathupi, kaya ndi kulankhula, kuyenda, kuona kapena kupuma, chimaloza malo omwe avulala mkati mwa mutu. Madokotala amayambira pamenepo asanajambule n'komwe, ndipo banja lodziwa zimenezi silitaya nthawi kunyumba.

Kukula kwake ndi chakudya chake

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu apakati pa 1.3 ndi 1.4, kuposa pang'ono paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Ndi wofewa ngati phala lomwe lagwirana litazizira. Ngakhale kuti kulemera kwake ndi magawo awiri okha pa magawo 100 a thupi lonse, umatenga pafupifupi magawo 20 pa 100 alionse a mpweya wa okosijeni womwe thupi limagwiritsa ntchito munthu akakhala chete. Pa mphindi iliyonse mumadutsa magazi okwana mamililita pafupifupi 750. Magaziwa amakwera kudzera m'mitsempha inayi: iwiri yakutsogolo kwa khosi, yomwe imamveka kugunda munthu akaika chala pansi pa nsagwada, ndi iwiri yodutsa m'mafupa a khosi chakumbuyo.

Ubongo ulibe nkhokwe yosungiramo chakudya. Magazi akaleka kufika, munthu amakomoka m'masekondi pafupifupi 10, ndipo pakatha mphindi zinayi kapena zisanu maselo amayamba kufa. Shuga akatsika kwambiri m'magazi, monga zimachitikira wodwala matenda a shuga yemwe wabaya insulin koma osadya, munthu amatuluka thukuta, amabalalika maganizo ndipo amatha kukomoka.

Zomwe zimautchinjiriza

Chitetezo choyamba ndi chigaza, chomwe mbali yake yokuta ubongo ili ndi mafupa 8 olumikizana. Mwa khanda mafupawa amakhala asanakumane bwino, ndiye chifukwa chake pamakhala liwombo, lomwe limatseka mwana asanakwanitse zaka ziwiri. Liwombo likalowa mkati, kawirikawiri mwanayo amakhala kuti wataya madzi ambiri m'thupi, mwachitsanzo pakutsegula m'mimba. Likatukumuka mwana ali chete osalira, chimakhala chizindikiro chakuti mkati mwa mutu muli chomwe chikupanikiza.

Pansi pa chigaza pali nembanemba zitatu zokuta ubongo pamodzi ndi mtsempha waukulu wa mumsana. Pakati pa nembanemba ziwiri zamkati pamayenda madzi oyera mbee okwana mamililita pafupifupi 150, ndipo ubongo umakhala ngati ukuyandama m'madzimo. Thupi limapanga madziwa mamililita pafupifupi 500 patsiku, akale n'kumabwerera m'magazi. Njira yawo ikatsekeka mwa khanda, madzi amachuluka ndipo mutu umakula mopitirira. Vutoli limathandizika ndi opaleshoni. Madzi omwewa ndi omwe adokotala amatenga ndi singano pamsana pofuna kudziwa ngati munthu ali ndi matenda oumitsa khosi.

Ubongo pawokha sumva ululu. Mutu ukamawawa, zomwe zimapweteka ndi nembanemba, mitsempha ya magazi ndi minofu ya pamutu ndi pakhosi. Chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka, kotero ubongo ukatupa kapena magazi akataikira mkati, malo amachepa ndipo ubongo umapanikizika. Imfa zambiri zodza ndi matenda a ubongo zimachokera pamenepa.

Maselo otumiza uthenga

Ntchito ya ubongo imagwiridwa ndi maselo omwe asayansi amawatcha ma neuron. Mu 2009 gulu la akatswiri a ku Brazil lotsogozedwa ndi Suzana Herculano-Houzel linapeza kuti ubongo wa munthu uli ndi maselowa pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi nthambi zambiri zolandirira uthenga ndi kachingwe kamodzi kotumizira. M'kachingwemo uthenga umayenda ngati mphamvu ya magetsi, ndipo m'mitsempha yothamanga kwambiri umapitirira mamita 100 pa sekondi imodzi.

Maselowa sagundana kwenikweni. Pakati pa selo ndi linzake pali kampata kakang'ono kwambiri, ndipo uthenga umaoloka kampatako ndi mankhwala omwe selo limatulutsa, monga dopamine ndi serotonin. Yemwe anaonetsa kuti maselowa ndi odukizana anali Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, yemwe analandira mphotho ya Nobel mu 1906 pamodzi ndi Camillo Golgi wa ku Italy. Mowa, chamba ndi fodya zimagwira ntchito pamipata yomweyi, pochulukitsa, pochepetsa kapena potsanzira mankhwala achilengedwewo. Mawu akuti mankhwala ozunguza bongo amanena zoona ndithu za komwe zinthuzi zimakafika.

Gawo lalikulu ndi mbali zake ziwiri

Gawo lalikulu la ubongo, lomwe madokotala amalitcha cerebrum, limadzaza pafupifupi chigaza chonse. Kunja kwake kuli khungu lotuwa lochindikala mamilimita awiri mpaka anayi, lomwe lili ndi makwinya ambiri kuti likwane m'malo ochepa. M'khungu limeneli ndi momwe mumachitikira kuganiza, kulankhula ndi kuzindikira zinthu. Pansi pake pali zoyera, zomwe ndi tizingwe tolumikiza dera lina ndi linzake.

Gawoli lili ndi mbali ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere, zolumikizidwa ndi mtolo wa mitsempha pakati. Mitsempha yambiri yopita kuthupi imapingasana isanalowe mumsana, motero mbali yakumanzere imalamulira dzanja ndi mwendo wakumanja, pomwe yakumanja imalamulira zakumanzere. Mwa anthu ambiri chilankhulo chimakhala kumanzere. N'chifukwa chake munthu yemwe wafa ziwalo zakumanja nthawi zambiri amavutikanso kulankhula.

Mbali iliyonse ili ndi magawo anayi. Gawo la kumphumi ndi lomwe limakonza mapulani, kusankha chochita, kudziletsa ndi kulamula minofu kuti iyende. Mu 1848, ku Vermont m'dziko la America, chitsulo chinaboola mutu wa Phineas Gage, kapitawo wa omanga njanji, n'kuononga gawo limeneli. Iye anachira, ankayenda ndi kulankhula, koma dokotala wake analemba kuti khalidwe lake linasintha. M'gawo lomweli, kumanzere, muli dera lomwe Paul Broca wa ku France analiloza mu 1861. Likaonongeka, munthu amamva zomwe anzake akunena koma mawu amakana kutuluka.

Gawo la pamwamba, kumbuyo kwa la kumphumi, limalandira uthenga wa kukhudza, kutentha ndi ululu, komanso limadziwitsa munthu pomwe pali dzanja kapena phazi lake ngakhale atatsinzina. Gawo la m'mbali, pafupi ndi makutu, ndi lakumva. Mu 1874 Carl Wernicke wa ku Germany anapeza kuti dera lina la gawoli likavulala, munthu amalankhula mosadodoma koma zopanda mutu, ndipo samvetsa zomwe akuuzidwa. Gawo la kunkhongo ndi lakuona. Maso amangolandira kuwala, koma chithunzi chimapangidwa kunkhongo, ndiye chifukwa chake munthu amatha kuchita khungu atavulala kumbuyo kwa mutu maso ake ali abwinobwino.

Tizigawo tamkati

Mkati mwenimweni muli thalamus, komwe uthenga wochokera m'maso, m'makutu ndi pakhungu umafikira usanagawidwe kumadera ake. Pansi pake pali hypothalamus, kachigawo kosaposa mtedza waukulu, komwe kamayang'anira njala, ludzu, tulo ndi kutentha kwa thupi. Kachigawoka kamalamuliranso kachiwalo kotchedwa pituitary, komwe kamatulutsa mahomoni a kukula, kubereka ndi kutulutsa mkaka wa m'mawere.

Chapafupi ndi makutu, mkati, muli amygdala, yomwe imadzutsa mantha munthu akaona choopsa, ndi hippocampus, yomwe imasunga zinthu zatsopano kuti zikumbukike. Mu 1953 madokotala a ku America anachotsa mbali yaikulu ya hippocampus kumbali zonse ziwiri mwa Henry Molaison pofuna kuchepetsa khunyu lake. Kuyambira pamenepo iye ankakumbukira za ubwana wake koma zatsopano ankaziiwala pakangopita mphindi zochepa. Kachigawo komweka ndi komwe kamayamba kuonongeka pa matenda a Alzheimer, omwe amachititsa agogo ena kuiwala zomwe adya mmawa pomwe za kalekale akuzikumbukira bwino. Okalamba otere ndi odwala ofunika chisamaliro, ngakhale kuti m'madera ena amanamiziridwa ufiti.

Kaubongo kakang'ono ndi tsinde

Pansi pa nkhongo pali kaubongo kakang'ono kotchedwa cerebellum. Kulemera kwake ndi gawo limodzi pa magawo 10 a ubongo wonse, komabe kali ndi maselo otumiza uthenga pafupifupi 80 pa 100 alionse. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa minofu kuti munthu aime osagwa, asenze mtolo pamutu, alembe kapena apalase njinga. Mowa umakafooketsa msanga, ndipo kudzandira kwa woledzera kumachokera pamenepo.

Tsinde la ubongo ndi lomwe limalumikiza zonsezi ndi mtsempha waukulu wa mumsana. Limayendetsa kupuma, kugunda kwa mtima, kumeza, kutsokomola ndi kudzuka kutulo, munthu osaganizako n'komwe. Pa mitsempha 12 yapawiripawiri yomwe imatuluka mwachindunji mu ubongo kupita kumaso, kumakutu, kunkhope ndi kulilime, 10 imachokera m'tsindeli. Dokotala akamaunika tochi m'maso mwa munthu wokomoka, amakhala akuyesa ngati tsinde likugwira ntchito. Ubongo wotupa ukakanikizira tsindeli pansi, kupuma kumaima.

Zigawo zonsezi zimagwira ntchito nthawi imodzi. Wakabaza akamakhota kuchoka mumsewu wa M1 ku Luwinga, gawo la kunkhongo limaona minibasi ikubwera, la m'mbali limamva hutala, la kumphumi limasankha kudikira, kaubongo kakang'ono kamasunga njinga kuti isapendekeke, hippocampus imakumbukira njira, pomwe tsinde likupitiriza kupuma ndi kugunda kwa mtima. Chichewa chimaika mkwiyo, chisoni ndi chikondi mumtima, monga m'mawu akuti kupsa mtima ndi kuugwira mtima, ndipo ngakhale Aristotle wa ku Greece ankakhulupirira kuti munthu amaganiza ndi mtima. Zoona zake n'zakuti mtima umangothamanga kapena kudekha potsata lamulo lochokera mu ubongo.

Mmene umakulira

Ubongo umayamba kuumbika m'sabata zinayi zoyambirira za pakati, nthawi yomwe amayi ambiri amakhala asanadziwe kuti aima. Vitamini ya folic acid imathandiza kuti msana ndi mutu wa mwana zitsekeke bwino, ndipo mchere wa ayodini ndi wofunika kuti nzeru zake zikule. Khanda limabadwa ndi ubongo wolemera magalamu apakati pa 350 ndi 400. Pofika zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi umakhala utafika pafupifupi magawo 90 pa 100 a ubongo wa munthu wamkulu. Kuyamwitsa, chakudya cha magulu 6, kumulankhula mwana ndi kusewera naye zimalimbitsa malumikizidwe a maselo pa zaka zimenezi.

Gawo la kumphumi ndi lomwe limatsiriza kukhwima, munthu ali ndi zaka pafupifupi 25. Ophunzira ambiri a pa yunivesite ya Mzuzu, yomwe ilinso ku Luwinga komweko, ali pa msinkhu womwe gawo la kudziletsa likadali kukula. Tulo tokwanira timathandiza kuti zomwe munthu waphunzira masana zikhazikike, kotero kuchezera usiku wonse pokonzekera mayeso kumabweza mmbuyo zomwe wophunzira amafuna.

Sitiroko

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena ukaphulika. Dera lomwe mtsemphawo umadyetsa limaleka kugwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo zizindikiro zimatsata ntchito ya deralo: nkhope kugwa mbali imodzi, dzanja kapena mwendo kufooka, mawu kusokonekera, kuona mbali imodzi yokha kapena kudzandira. Kaamba kakuti zimadza mwadzidzidzi, ena amati munthuyo wamenyedwa ndi hamala ya afiti, ndipo maola ofunika amathera kwa sing'anga.

Chomwe chimayambitsa sitiroko kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Shuga, fodya ndi mchere wambiri zimawonjezera chiopsezo. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsanso kuti kachirombo ka HIV kali pakati pa zifukwa zazikulu za sitiroko mwa anthu osakwana zaka 45. Wodwala sitiroko asapatsidwe chakudya kapena madzi asanaonedwe ndi achipatala, popeza kumeza kumatha kusokonekera ndipo chakudyacho chingalowe m'mapapo.

Malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi

Maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Nkhata Bay ndi Karonga ali ndi malungo ambiri. Tizirombo ta malungo tikachuluka, maselo ofiira a magazi amamatirira m'timitsempha ta mu ubongo ndipo mwana amakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri. Zambiri zomwe dziko lapansi likudziwa za matendawa zinapezedwa m'Malawi muno. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anakhazikitsa muyezo wa Blantyre Coma Score, woyambira 0 mpaka 5, womwe umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri poyeza kukomoka kwa ana. Mu 2015 kafukufuku wotsogozedwa ndi Karl Seydel, yemwe anajambula ana 168 ndi makina a MRI ku Blantyre, anapeza kuti mwa ana 25 omwe anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Kutupako kumakanikiza tsinde mpaka mwana kuleka kupuma. Malawi ndi dziko loyamba lomwe linayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana, mu April 2019, ndipo Karonga ndi Nkhata Bay anali m'gulu la maboma 11 oyambirira.

Matenda oumitsa khosi ndi kutupa kwa nembanemba zokuta ubongo. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, mutu waukulu, khosi louma ndi kudana ndi kuwala. Akachedwa kuthandizidwa amapha kapena kusiya munthu ali wosamva. Katemera wa Hib, yemwe anayamba mu 2002, ndi wa PCV13, yemwe anayamba mu 2011, amateteza ana ku tizirombo tina toyambitsa matendawa ndipo amaperekedwa ulere kusikelo.

Kuvulala m'mutu

Munthu akamenyetsa mutu, ubongo umagunda chigaza mkati. Fupa la m'mbali, pakati pa diso ndi khutu, ndi lopyapyala ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi. Ukaduka, wovulalayo amatha kudzuka, kulankhula bwinobwino, mwinanso kubwerera kunyumba, kenako n'kukomoka patapita maola angapo magazi atadzaza mkati. Kusanza mobwereza, kugona kosadzutsika, mutu wonkirankira, kutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi kukula kwa kamwanadiso mbali imodzi ndi zizindikiro zofunika chipatala nthawi yomweyo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana anaonetsa kuti helemeti imachepetsa kuvulala m'mutu ndi magawo pafupifupi 70 pa 100 alionse, koma imateteza pokhapokha ikamangidwa lamba pachibwano. Wokwera kumbuyo amafunika yake chimodzimodzi ndi woyendetsa.

Khunyu

Khunyu limadza pamene maselo ambiri atulutsa mphamvu yawo ya magetsi nthawi imodzi mosalongosoka. Likayambira m'dera laling'ono, munthu amangoti duu kapena dzanja limodzi limanjenjemera. Likafalikira ubongo wonse, amagwa n'kumaphupha. Zipsera za malungo a mu ubongo, kuvulala pobadwa, ngozi ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba ndi zina mwa zoyambitsa. Khunyu silipatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya woipa wa wodwala. Bungwe la WHO limati anthu okwana 70 pa 100 alionse odwala khunyu angathe kuleka kugwa atamamwa mankhwala oyenera mosadumphitsa. Munthu akagwa, achotsedwe pafupi ndi moto kapena madzi, agonekedwe chammbali, ndipo asaikidwe sipuni kapena chala mkamwa. Kuphupha kukapitirira mphindi zisanu, athamangire naye kuchipatala.

Thandizo ndi kuchira

Kupatula chipatala chachikulu cha ku Luwinga, mu Mzuzu muli bungwe la St John of God, lomwe lakhala likuthandiza odwala matenda a maganizo ndi omwe akodwa ndi mowa kapena chamba kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Maopaleshoni akuluakulu a ubongo amachitikira ku Queen Elizabeth ku Blantyre komanso ku Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery pa chipatala cha Kamuzu Central. Kwa munthu wa ku Chitipa kapena Likoma mtunda ndi wautali, ndiye kufika msanga pa chipatala choyamba kumapereka mpata woti atumizidwe nthawi ikadalipo.

Maselo a ubongo omwe afa kawirikawiri sabwereranso, koma otsala amatha kupanga malumikizidwe atsopano n'kutenga ina mwa ntchito za omwe afawo. Kusinthaku kumachitika kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo kumadalira kubwereza. Wodwala sitiroko yemwe wayamba mafizo msanga, amene abale ake amamulankhula ndi kumulimbikitsa kugwira kapu kapena kuvala yekha, amakhala ndi mwayi waukulu woyendanso kuposa yemwe wangogonekedwa m'nyumba kumuchitira chilichonse.